Maso a agogo ndi chiundo cha pakhomo: mmene kuyeza maso kungachepetsere kugwa

Munthu wachikulire akagwa, apabanja amathamangira kugwira bondo, mkono kapena chiuno, ndipo m'pomveka chifukwa ululu umakhala pamenepo. Koma nthawi zambiri chomwe chawagwetsa chimakhala m'maso. Chiundo cha pakhomo chomwe agogo akhala akuchilumpha kwa zaka 30 sichinasunthe ayi. Chasintha n'chakuti m'mphepete mwake mwasiya kuoneka, makamaka kunja kukamachita chisisira, simenti ya pakhonde ndi dothi la pabwalo zikafanana mtundu. Phazi limatsikira pomwe iwo akuganiza kuti pali poponda, n'kupeza palibe.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chifukwa cha kugwa. Oposa 80 mwa 100 alionse mwa anthuwa ndi a m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, ndipo msinkhu womwe umafa kwambiri ndi wa zaka zoposa 60. Mwa anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi mwa atatu amagwa chaka chisanathe. Ngakhale fupa lisathyoke, kugwa kumasiya mantha. Agogo amasiya kupita kudimba, kutchalitchi kapena kumzikiti, amangobindikira pamkeka, miyendo n'kufooka, ndipo miyendo yofookayo ndi yomwe imadzawagwetsanso. Fupa la m'chiuno likathyoka ndiye nkhani ina, chifukwa ambiri sabwereranso mwakale.

Kuyeza maso kungadule mzere umenewu, koma osati kuyeza kulikonse. Kuwerengetsa munthu zilembo pakhoma n'kumupatsa magalasi atsopano sikokwanira, ndipo monga tionere m'munsimu, magalasi atsopanowo nthawi zina ndi omwe amagwetsa munthu.

Zomwe diso limachita munthu akamayenda

Kuti tiime chilili osadzandira, thupi limadalira zinthu zitatu: maso, tiziwalo ta m'kati mwa khutu tomwe timamva mmene mutu wapendekera, ndi mapazi pamodzi ndi mfundo za miyendo zomwe zimamva pomwe taponda. Wachinyamata chimodzi chikalephera, ziwiri zotsalazo zimamugwira. Munthu akamakalamba zonse zitatu zimafooka pamodzi, ndipo ngati ali ndi matenda a shuga omwe achititsa dzanzi kumapazi, ntchito yaikulu imatsalira maso. Choncho vuto la maso lomwe kwa mdzukulu ndi laling'ono, kwa agogo ndi lalikulu.

Poyenda, maso sayang'ana pa zala za kumapazi. Amayang'ana pansi pafupifupi mapazi awiri kutsogolo, mtunda wa mita imodzi ndi theka kapena awiri, n'kumauza miyendo pasadakhale kuti apo pali muzu, apo pali ngalande, apo nyamula phazi. Ntchito imeneyi imafuna zambiri kuposa kuona zinthu zing'onozing'ono. Imafuna kusiyanitsa zinthu zofanana mtundu, monga sitepe ya simenti yotuwa pamwamba pa ina yotuwa. Imafuna kudziwa kuya kwa malo, ndipo izi zimatheka bwino maso onse awiri akamaona mofanana. Diso limodzi likachita chifunga lina lili bwino, munthu amawerenga bwinobwino koma amaphonya sitepe ya minibasi, kapena kuthira tiyi pambali pa kapu. Imafunanso kuona za m'mbali ndi za m'munsi popanda kutembenuza mutu, monga ndowa yomwe yasiyidwa panjira kapena mwanapiye wodutsa kumapazi.

Palinso nkhani ya kuwala. Mwana wa diso amachepa munthu akamakula, ndipo kagalasi ka m'kati mwa diso kamayamba chikasu. Pa zaka 60, kuwala komwe kumafika kumbuyo kwa diso kumakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a komwe kunkafika pa zaka 20. Diso limachedwanso kuzolowera mdima. Agogo akachoka padzuwa la masana n'kulowa m'nyumba ya mawindo ang'onoang'ono, kwa kanthawi amakhala ngati atsekedwa kumaso, ndipo mapazi oyamba amenewo ndi omwe amapunthwa pa mphasa kapena pa mpando wa ndalema.

Yambani ndi kufunsa

Okalamba ambiri sadandaula za maso. Vuto limabwera pang'onopang'ono, iwo n'kumati ndi ukalamba basi. Mukawafunsa kuti, "Agogo, mukuona bwino?" yankho limakhala lakuti "Eya, ndikuona." Funso lothandiza ndi lokhudza ntchito yeniyeni. Kodi mumazindikira munthu ali kutsidya kwa msewu asanalankhule? Mumatha kusankha timiyala mu mpunga kapena mu nyemba? Mumasiyanitsa ndalama za pepala? Magetsi a galimoto akakuwalirani usiku mumathobwa mpaka kuima? Munasiya kuyenda madzulo? Kenako mafunso atatu omwe malangizo a padziko lonse oteteza kugwa a mu 2022 amati afunsidwe kwa wokalamba aliyense: kodi mwagwapo m'miyezi 12 yapitayi, kodi mumamva kupepuka kapena kudzandira mukaima kapena poyenda, ndipo kodi mumaopa kugwa? Pa funso loyambalo muzifunsa mwaulemu komanso mobwereza, chifukwa ambiri amabisa poopa kuti ana awaletsa kuyenda okha. Kufunsa kuti "Munayamba mwaterereka kapena kupunthwa mpaka kugwira pansi?" kumatulutsa zambiri kuposa kufunsa za kugwa.

Kuyeza kuona patali

Tchati cha zilembo chomwe chimapachikidwa m'zipatala anachiyambitsa ndi dokotala wa ku Netherlands, Herman Snellen, mu 1862. Kwa anthu osadziwa kuwerenga pali tchati cha chilembo E chokha, chotembenuzidwa uku ndi uku, ndipo woyezedwa amangoloza ndi dzanja komwe miyendo itatu ya chilembocho yaloza. Chimenechi n'chomwe chili choyenera kwa okalamba ambiri, ngakhale odziwa kuwerenga, chifukwa sangaloweze pamtima.

Zotsatira zimalembedwa ngati 6/6, 6/18 kapena 6/60. Nambala yoyamba ndi mtunda womwe munthu waima, mamita 6. Yachiwiri ndi mtunda womwe diso labwinobwino lingaonere chilembo chomwecho. Choncho 6/60 ikutanthauza kuti agogo akuona ali pa mamita 6 chinthu chomwe wina angachione ali pa mamita 60. Malinga ndi WHO, diso labwinopo likalephera 6/12 ndiye kuti vuto layamba, likalephera 6/18 vuto ndi lapakatikati, likalephera 6/60 ndi lalikulu, ndipo likalephera 3/60 munthuyo amawerengedwa kuti ndi wosaona.

Ngati tchati palibe, makadi atatu okha ndi okwanira, ndipo mungawajambule nokha ndi rula ndi cholembera chakuda bii pa pepala loyera lolimba. E wamkulu akhale masentimita 8.7 m'litali ndi m'lifupi momwe, wapakati masentimita 2.6, wamng'ono masentimita 1.75. Kunenepa kwa mzere uliwonse, komanso mpata wa pakati pa miyendo, kukhale gawo limodzi mwa magawo asanu a kutalika kwa chilembocho. Pa mamita 6, makadiwa akuimira 6/60, 6/18 ndi 6/12. Dulani chingwe cha mamita 6 n'kumanga mfundo pakati pake kuti mukhalenso ndi muyeso wa mamita 3. Musayeze mtunda ndi mapazi, chifukwa kulakwitsa ndi mita imodzi kumasintha zotsatira.

Yezerani panja masana, pamthunzi wowala bwino, dzuwa lili kumsana kwa agogo kuti kuwala kugwere pa khadi osati m'maso mwawo. Akhale pampando. Yambani mwawaonetsa E wamkulu pafupi ndi maso onse awiri otsegula, mpaka amvetse zomwe mukufuna: "Agogo, miyendo iyi yaloza kuti? Ndilozereni ndi dzanja." Anthu ambiri amalembedwa kuti saona pomwe sanamvetse chabe. Akamvetsa, bwererani pa mamita 6. Ngati amavala magalasi oyendera awavale, koma owerengera avule. Atseke diso lamanzere ndi chikhatho, osati ndi zala, chifukwa pakati pa zala pamasuzumirika, ndipo asalikanikize chifukwa diso lokanikizidwa limaona mwachizimezime kwa kanthawi. Onetsani khadi kasanu, mukulitembenuza kumbuyo kwanu nthawi iliyonse. Akakhoza kanayi mwa kasanu, apambana pa khadi limenelo, pitani pa laling'ono. Akalephera E wamkulu pa mamita 6, senderani pa mfundo ya mamita 3. Akalepheranso pamenepo, onani ngati angawerenge zala zanu pafupi, kapena kuona dzanja likugwedezeka, kapena kungodziwa kuti tochi yayaka. Mukatero sinthani diso.

Kuyeza diso lililonse palokha n'kofunika kwambiri pa nkhani ya kugwa. Pali okalamba ambiri omwe amadzidzimuka okha akatseka diso limodzi n'kupeza kuti linalo linasiya kuona kalekale.

Diso lomwe lalephera 6/12 liyezedwenso kudzera pa kabowo. Boolani katoni ndi singano yonenepa kuti pakhale kabowo kozungulira bwino ka milimita imodzi kapena imodzi ndi theka, agogo asuzumire pamenepo, n'kubwereza makadi aja. Akaona bwino kuposa poyamba, kawirikawiri ndiye kuti vuto lawo magalasi angalikonze. Akapanda kusintha, kapena zikaipiraipira, vuto lili m'kati mwa diso: ng'ala yokhwima, matenda a kumbuyo kwa diso kapena a mtsempha wake. Kabowoka kamachepetsa kuwala, choncho mukayezera m'nyumba ya mdima kadzakunamizani.

Kuona pafupi amayeza pa masentimita 40 ndi zilembo za msinkhu wa N6, zomwe ndi zocheperako pang'ono kuposa za mu nyuzipepala. Pafupifupi aliyense wopitirira zaka 40 amayamba kuvutika apa. Pa nkhani ya kugwa, kufunika kwake n'kwakuti munthu wosaona pafupi amasokoneza mapiritsi, ndipo amagula magalasi owerengera omwe kenako amayenda nawo.

Za m'mbali, za m'munsi, ndi tochi

Munthu angathe kuwerenga mzere wa 6/6 koma akuona ngati wosuzumira mu paipi. Khalani moyang'anizana naye, mawondo atatsala pang'ono kugundana, mtunda wa mita imodzi. Iye atseke diso lamanzere, inu mutseke lamanja, ndipo aziyang'ana diso lanu lotsegulalo osasuntha. Tambasulani dzanja pakatikati pa inu awiri, n'kumalibweretsa pang'onopang'ono kuchokera kunja mukugwedeza chala, mpaka anene kuti wachiona. Chitani zimenezi kuchokera m'ngodya zinayi: m'mwamba kumanja, m'mwamba kumanzere, m'munsi kumanja, m'munsi kumanzere. Inu mukachiona chala kalekale iye asanachione, pali mbali yomwe yatayika. Ngodya za m'munsi muzichite mosamala kwambiri, pakuti ndi zomwe zimaona njira. Ngati mbali imodzimodzi, tinene kumanzere, yasowa m'maso onse awiri, vuto likhoza kukhala mu ubongo chifukwa cha sitiroko, ndipo munthu wotero amagunda mafelemu a zitseko ndi phewa lomwelomwelo. Kuyeza kwa zalaku kumagwira zazikulu zokha. Glaucoma, matenda owononga mtsempha wa diso, ikakhala yoyamba kumene siioneka mwa njira imeneyi.

Kenako walitsani tochi m'diso kuchokera cham'mbali. Mwana wa diso akakhala woyera ngati mkaka ndiye ng'ala yokhwima. Koma samalani ndi zinthu zitatu. Ng'ala yongoyamba siioneka ndi tochi ngakhale ikuvutitsa kale. Mkombero wotuwa wozungulira m'mphepete mwa gawo lakuda la diso umapezeka mwa okalamba ambiri ndipo suwononga kuona. Ndipo banga loyera lomwe lili pamwamba penipeni pa diso ndi chipsera, ngakhale anthu amalitchulanso kuti ng'ala, ndipo chithandizo chake n'chosiyana. Onaninso zikope. WHO inalengeza mu 2022 kuti Malawi wathetsa matenda a maso a trachoma ngati vuto la umoyo wa anthu ambiri, koma okalamba ena omwe anadwala kale akadali ndi nsidze zopindikira m'kati zomwe zimakanda diso. Kuzizula ndi kongopumulitsa, zimameranso zakuthwa. Zimafuna opaleshoni yaing'ono ya chikope.

Pomaliza aoneni akuyenda. Adzuke pampando, ayende mamita 3, atembenuke, abwerere n'kukhala. Akatenga masekondi 12 kapena kuposa, ali pachiopsezo chogwa. Kenako ayende njira yomwe amayenda tsiku ndi tsiku, kuchokera pabedi kapena pamphasa kukafika kuchimbudzi, ndipo muchite zimenezi madzulo. Munthu amene amafufuza sitepe ndi phazi asanaponde, amene amanyamula phazi kwambiri pa malo osalala, kapena amene amagwiragwira khoma, akukuuzani zomwe tchati sichinganene.

Zomwe zimapezeka kuchipatala

Aliyense wolephera 6/12 m'diso lililonse, wosiyana kwambiri maso awiriwo, wotaya mbali ina, kapena wagwapo, apite kwa odziwa za maso. M'Malawi zipatala za m'maboma zimakhala ndi ogwira ntchito ophunzira za maso, ndipo opaleshoni imachitika m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre komwe kuli chipatala cha maso cha Lions Sight First, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba, Mzuzu, komanso ku chipatala cha mishoni cha Nkhoma. Omwe ali ku Britain adziwe kuti a zaka 60 kupita m'tsogolo amayezedwa maso mwaulere pansi pa NHS, ndondomeko ya boma ya zaumoyo kumeneko. Popita atenge buku lawo la kuchipatala, magalasi onse omwe ali nawo kuphatikizapo ogula pamsika, ndi mankhwala onse omwe akumwa. Akhale ndi wowaperekeza komanso chipewa, chifukwa mankhwala odontheza omwe amakulitsa mwana wa diso kuti dokotala aone kumbuyo amasiya munthu akuona mbuu komanso akuthobwa ndi dzuwa kwa maola anayi mpaka asanu ndi limodzi. Tsiku limenelo asapalase njinga kapena kuyendetsa galimoto.

Ng'ala ndi yomwe imapezeka kwambiri, ndipo ndi yomwe chithandizo chake chili ndi umboni wooneka pa nkhani ya kugwa. Kafukufuku wa ku Nottingham ku England wa mu 2005, wa amayi a zaka zoposa 70, anapeza kuti omwe anachitidwa opaleshoni ya diso loyamba mwachangu anagwa mocheperapo ndi 34 pa 100 alionse poyerekeza ndi omwe anadikira. Opaleshoniyi imatenga mphindi 15 mpaka 30, munthu ali maso koma diso atalichititsa dzanzi. Diso salitulutsa, monga ena amaopera. Amachotsa kagalasi kochita chifunga kaja n'kuikapo ka pulasitiki koyera. Palibe mankhwala odontheza kapena azitsamba omwe amasungunula ng'ala, ndipo madzi a masamba kapena mizu odonthezedwa m'diso amatha kuotcha diso n'kusiya chipsera chomwe opaleshoni ya ng'ala singachichotse. Mawu akale akuti idikireni ikhwime kaye asakuchedwetseni. Ng'ala ikayamba kulepheretsa munthu kuyenda bwino, nthawi yokaonana ndi dokotala yakwana.

Glaucoma ndi yoopsa mwa njira ina. Imawononga mtsempha wa diso mwakachetechete, kuyambira m'mbali, popanda ululu, ndipo chomwe chatayika sichibwerera. Imagwira kwambiri anthu akuda, komanso msanga kuposa mitundu ina, ndipo imayenda m'magazi, choncho mmodzi akapezeka nayo, abale ake ndi ana ake a zaka 40 kupita m'tsogolo akayezetse. Kuchipatala amayeza mphamvu ya madzi a m'diso, yomwe mwa anthu ambiri imakhala pakati pa 10 ndi 21 pa muyeso wotchedwa mmHg, ndi kuyang'ana mtsemphawo. Mankhwala ake ndi odontheza tsiku lililonse moyo wonse. Ambiri amawasiya poona kuti maso sakuwala, pomwe ntchito yake ndi kuteteza zomwe zatsala.

Odwala shuga ayenera kuyezedwa kumbuyo kwa diso akangopezeka ndi matendawa, kenako chaka chilichonse, ngakhale akuona bwino. Shuga akakwera kwambiri amasinthanso mphamvu ya diso kwa kanthawi, choncho si nzeru kudulitsa magalasi sabata yomwe shuga wasokonekera.

Magalasi omwe amagwetsa

Apa m'pomwe pamalakwika zambiri, ndipo olakwitsawo amakhala ndi cholinga chabwino. Mu 2007 ku Sydney ku Australia kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa okalamba ofooka a zaka 70 kupita m'tsogolo. Gulu lina linayezedwa maso mokwanira n'kupatsidwa chithandizo, makamaka magalasi atsopano, gulu lina linasiyidwa mmene linalili. Pakutha kwa chaka, 65 mwa 100 alionse a gulu loyezedwa anali atagwa, pomwe a gulu linalo anali 50. Ochita kafukufukuyo anaganizira kwambiri za kusintha kwakukulu kwa mphamvu ya magalasi.

Chifukwa chake n'chomveka. Galasi silimangowalitsa zinthu, limasinthanso kukula kwake ndi malo omwe zikuoneka kuti zili. Magalasi olembedwa chizindikiro cha + amakulitsa zinthu n'kuzisendeza pafupi, a chizindikiro cha − amazichepetsa n'kuzikankhira kutali. Magalasi okonza diso lomwe silili lozungulira bwino akasinthidwa, pansi pamaoneka ngati papendekeka. Ubongo womwe wazolowera magalasi akale kwa zaka 10 umakhala utaloweza kuti sitepe ikaoneka chonchi ndiye kuti phazi linyamuke chonchi. Mukasintha kwambiri tsiku limodzi, maso amaona bwino koma phazi limaponda molakwika mpaka ubongo utazolowera, ndipo kwa wokalamba kuzolowerako kumatenga masabata. Ndi chifukwa chake akatswiri amalangiza kuti kwa munthu wofooka kapena wogwapo kale, mphamvu isinthidwe pang'onopang'ono, ndipo ngati akuona bwino ndi magalasi akale, asasinthidwe popanda chifukwa. Muwauze a zamaso kuti agogo anagwapo. Atalandira atsopano, ayambe kuwavala m'nyumba ndi pabwalo pomwe akupadziwa, wina ali pafupi, asanapite nawo kumsika. Asamasinthesinthe akale ndi atsopano, chifukwa kutero kumachedwetsa kuzolowera.

Magalasi owerengera ogula pamsika kapena m'sitolo, a +1.00 mpaka +3.00, ndi othandiza posoka, powerenga Baibulo kapena pafoni. Koma a +2.50 amaonetsa bwino zinthu za pa masentimita 40 basi. Chilichonse chopitirira apo, kuphatikizapo pansi pomwe munthu akukaponda, chimachita chizimezime. Agogo akamaliza kuwerenga n'kudzuka ali chivalire kuti akaone mphika pamoto, ngozi ili pafupi. Amangireni kachingwe kuti azilendewera pakhosi, ndipo chizolowezi chikhale chakuti asanadzuke avule.

Ovuta kwambiri ndi magalasi a mbali ziwiri, a kutali m'mwamba ndi owerengera m'munsi, kaya okhala ndi kamzere kooneka kapena opanda mzere omwe amatchedwa varifocal. Ana omwe ali kutauni kapena kunja amakonda kugulira makolo amenewa poti ndi odula ndipo amagwira ntchito ziwiri. Koma munthu akayang'ana pansi poyenda, amayang'anira m'chigawo chowerengera chija, ndiye m'mphepete mwa sitepe mumafufutika. Kafukufuku wa ku Australia wa mu 2002 anapeza kuti okalamba ovala magalasi otere amagwa kuwirikiza kawiri kuposa anzawo, makamaka panja ndi pa masitepe. Wina wa mu 2010 anaonetsa kuti kupatsa anthu otere magalasi a kutali okha oti aziyendera panja kunachepetsa kugwa mwa omwe amayendayenda panja kawirikawiri, koma kwa omwe satulukatuluka kunawonjezera kugwa kwa panja. Choncho amayi omwe amapitabe kumunda ndi kumsika apindula ndi magalasi awiri osiyana, oyendera ndi owerengera. Agogo omwe amakhala pakhonde tsiku lonse ndipo anazolowera a mbali ziwiri kwa zaka zambiri, asiyeni nawo, koma aphunzitseni kuweramitsa mutu wonse, chibwano chiloze pachifuwa, potsika sitepe, kuti ayang'anire m'chigawo cha m'mwamba. Munthu wofooka yemwe sanavalepo magalasi otere asayambe nawo pa ukalamba.

Magalasi okandikakandika, opindika kapena omangidwa ndi ulusi mbali imodzi nawonso amasokoneza. Atsukeni ndi madzi ndi sopo pang'ono, osati kuwapukuta ouma ndi chitenje chokhala ndi fumbi.

Masabata otsatira opaleshoni ya ng'ala afunika diso la apabanja. Usiku woyamba diso limakhala lophimbidwa, ndiye munthu akuyenda ndi diso limodzi, nthawi zina lomwe lilinso ndi ng'ala. Akachotsa chophimbacho, diso lochitidwalo limakhala ndi mphamvu yosiyana ndi linzake, ndipo magalasi akale sagwirizananso nalo. Atsopano amadulidwa diso likapola, pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Pa nthawi yomweyi agogo amakhala osangalala kuti akuona, amayamba kuyenda mwachangu komanso kutali, miyendo isanabwerere mphamvu. Funsani adokotala zoti achite ndi magalasi akale, ndiponso za diso lachiwiri ngati nalo lili ndi ng'ala, kuti maso asakhale osiyana kwa nthawi yaitali.

Mankhwala nawo amalowerera. Amitriptyline ndi Piriton amatha kuchititsa chizimezime ndi tulo, diazepam amafoola miyendo, ndipo mankhwala ena a BP amachititsa chizungulire munthu akadzuka mofulumira. Timolol, wodontheza m'maso pa glaucoma, amalowa m'magazi n'kuchedwetsa mtima, ndipo ndi woopsa kwa odwala mphumu. Kutsinzina ndi kukanikiza pang'ono pakona ya diso cha kumphuno kwa mphindi ziwiri mutadontheza kumachepetsa omwe amalowa m'thupi. Odontheza okhala ndi dexamethasone, omwe anthu amagula okha diso likafiira, akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amayambitsa ng'ala ndi glaucoma. Musasiyitse munthu mankhwala panokha, koma atengereni onse kwa adokotala n'kunena za kugwako.

Pomwe maso sangakonzeke

Pali okalamba omwe kuona kwawo sikungabwerere. Kwa iwo chothandiza ndi kukonza pakhomo. Ku New Zealand mu 2005, kafukufuku wa anthu a zaka 75 kupita m'tsogolo omwe ankaona movutikira kwambiri anapeza kuti kukonza zoopsa za m'nyumba kunachepetsa kugwa ndi 41 pa 100 alionse. Zambiri mwa izi sizifuna ndalama. Pakani mzere wa laimu kapena penti yoyera wa masentimita 5 m'lifupi m'mphepete mwenimweni mwa chiundo ndi sitepe iliyonse. Ukakhala m'katikati umanamiza phazi. Ngati pansi ndi poyera, mzerewo ukhale wakuda. Njira ya kuchimbudzi isalazidwe, mizu ndi zitsa zichotsedwe, ndipo muikemo miyala yopaka laimu m'mbali osati pakati, kapena chingwe chogwira. Tochi kapena nyali ya sola ikhale pomwe dzanja lifika agogo ali chigonere, ndipo ikhale pamalo omwewo usiku uliwonse, pakuti magetsi akathima si nthawi yofufuza. Kwa ena, kachidebe kokodzeramo usiku kamapulumutsa ulendo woopsa kwambiri pa tsiku lonse. Mtondo, mbaula, ndowa ndi nsapato za ana zikhale ndi malo ake, ndipo musasunthe mipando osawauza, chifukwa munthu wosaona bwino amayenda ndi mapu a m'mutu. Pansi popaka polishi wonyezimira pamaterera komanso pamathobwa m'maso. Polowa m'nyumba kuchokera padzuwa, aime kaye pakhomo atagwira felemu mpaka zinthu zitayamba kuoneka. Patapata asinthidwe ndi nsapato zogwira chidendene.

Zina sizidikira tsiku la kiliniki. Kusiya kuona mwadzidzidzi, diso lofiira lopweteka kwambiri limodzi ndi mutu ndi kusanza, kuona ngati mphezi kenako chinsalu chakuda chikutseka mbali imodzi, kapena kuyamba kuona zinthu ziwiriziwiri, zonsezi n'zopita nazo kuchipatala tsiku lomwelo.

Kwa wina aliyense wa zaka 60 kupita m'tsogolo, kuyezetsa kwa odziwa za maso kuchitike kamodzi pa chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo kwa odwala shuga, a glaucoma ndi omwe agwapo, chaka chilichonse kapena monga adokotala anenera. Makadi a E aja asungeni mu envelopu kuti asade, muzibwereza pakatha miyezi 6 pamalo omwewo ndi nthawi yofanana ya tsiku. Lembani tsiku ndi zotsatira za diso lamanja ndi lamanzere padera pa kapepala, n'kukaika m'buku lawo la kuchipatala. Diso lomwe linkakhoza khadi lapakati likayamba kulilephera, musadikire kuti chaka chikwane.